Chikutha achule a corroboree ndi matenda a pakhungu

Achimwene, mwafunsa kuti kachule ka corroboree kakutheranji pamene kamakhala m'mapiri a Snowy ku Australia, kutali ndi anthu, m'nkhalango yotetezedwa ya Kosciuszko. Chimene chakapulula kwambiri ndi matenda otchedwa chytrid, a mtundu wa bowa, ndipo chiwerengero chake chinayamba kutsika m'zaka za m'ma 1980.

Chule samwa madzi ndi pakamwa ngati ife. Madzi ndi mchere zimalowera pakhungu. Matendawa amakhuthalitsa khungulo mpaka mchere kuperewera m'thupi, kenako mtima umangoima. Chopweteka n'chakuti m'madambo omwewo muli achule ena ang'onoang'ono abulauni amene amanyamula matendawa koma iwo osafa, ndiye ngakhale corroboree atachepa bwanji, matenda sachoka.

Kachuleka n'kakang'ono zedi, masentimita osapitirira 3, ka mizere yachikasu ndi yakuda, ndipo khungu lake lili ndi poizoni, moti zilombo sizikakhumba. Kamphongo kamakumba kachisa m'ndere zonyowa m'mphepete mwa chithaphwi, mazira n'kukhala mmenemo kudikira mvula kuti madzi asefukire. Chilala chikagwa, zithaphwi zimauma mbululu zisanamere miyendo, m'badwo wonse n'kuthera pomwepo. Onjezerani mahatchi am'tchire amene amapondaponda madambowo, komanso moto wolusa wa mu 2019 ndi 2020.

Ine ndimaona kuti popanda ntchito ya malo osungirako nyama a Taronga Zoo ndi Zoos Victoria, amene amaweta achulewa n'kukabwezera mazira ndi achule kuphiri m'mipanda yotchinga matenda, bwenzi pano titangotsala ndi zithunzi.