Khoma la mwana ndi ma brownies a m'bokosi: kuyankha mayi wa ku Area 25

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi woyembekezera wa ku Area 25 ku Lilongwe. Wandilola kumuyankha poyera, koma dzina lake ndilisunga. Akuti mimba ndi ya miyezi 7 ndipo ndi yoyamba. Nyumba ndi ya lendi, eni ake safuna msomali kapena penti pakhoma, ndipo zithunzi za ana za m'mashopu n'zodula, choncho akufuna kupanga yekha zokongoletsera kachipinda ka mwana. Funso lake lachiwiri ndi la kukhitchini. Mkulu wake wa ku Johannesburg anamutumizira mabokosi awiri a ufa wosakaniza kale wa ma brownies, timakeke tonata ta chokoleti, ndipo akufuna kudzaphikira anthu odzaona mwana, koma akuopa kuti "azidzamveka kuti ndi a m'bokosi".

Achemwali, Mulungu akusungeni mpaka mudzachire bwino. Ndiyambe ndi khoma, chifukwa ndi pamene ndili ndi mawu ambiri.

Zipinda zimene timasirira pa Pinterest ndi pa Instagram, za pinki wofuwa ndi timitambo totuwa, zinakonzedwera maso a akuluakulu. Khanda lobadwa kumene limaona bwino chinthu chimene chili masentimita 20 mpaka 30 kuchokera kumaso kwake, mtunda wapakati pa bere ndi nkhope ya mayi ake. Zakutali zimaoneka mbuu, ndipo mitundu yofuwa silitha kuisiyanitsa. Chimene chimagwira maso ake ndi chakuda pambali pa choyera, mizere yooneka bwino, ndi nkhope. Katswiri wa ku America dzina lake Robert Fantz anaonetsa zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Ankaonetsa makanda zithunzi zosiyanasiyana n'kumawerengera nthawi imene akuyang'ana chilichonse, ndipo anapeza kuti amakhalitsa pa zithunzi za mizere ndi zooneka ngati nkhope kusiyana ndi pepala la mtundu umodzi. Mitundu imabwera pang'onopang'ono, wofiira ukukhala m'gulu la yoyambirira, ndipo pofika miyezi 5 mwana amakhala akuona mitundu yambiri.

Ndiye ngati mukufuna chithunzi chimene mwana wanu adzachiyang'anedi, jambulani nkhanga. Sindikudziwa nyama ina yoyenera maso a khanda kuposa imeneyi: thupi lakuda, madontho oyera, n'kachipewa kofiira pamutu. Simufunika luso. Dulani thupi lake papepala lakuda lolimba, limateni pa loyera, kenako muviike kumbuyo kwa pensulo mu penti woyera n'kumadinda madontho. Mbidzi nayo imatheka, ndi timizere tapepala lakuda basi. Onjezani nkhope imodzi yaikulu, maso awiri ndi kamwa lomwetulira, yojambula ndi cholembera chakuda chonenepa. Zithunzi zitatu zimenezi zakwanira miyezi yoyambirira.

Za mitundu yowala, pitani kwa telala wanu mukapemphe zidutswa za zitenje. Ambiri amangoziunjika pansi pa makina. Sankhani zamaluwa akuluakulu kapena zamizere yonenepa, osati zatimaluwa tothinana. Dulani katoni yolimba kukula kwa mbale, kungani nsaluyo pamwamba, ipindireni kumbuyo n'kumata ndi guluu woyera wa matabwa. Chimatuluka chopepuka moti tepi yomata mbali zonse ziwiri imachigwira. Timalichero tating'ono ta pamsika nato timakongola mukayala chitenje m'kati mwake, koma timafuna pokoleka, ndiye muyambe mwalankhula ndi eni nyumba.

Pali njira ina imene ndimaikonda kwambiri kwa anthu a m'nyumba za lendi, yomata nsalu pakhoma penipeni ndi phala. Sungunulani masupuni awiri a cornflour m'madzi ozizira pang'ono, thirani makapu awiri a madzi owira mukutakasa mpaka likhale phala lamadzimadzi, lisiyeni lizizire. Ufa wosefa bwino wa chinangwa umagwiranso ntchito. Dulani nsalu m'maonekedwe a nsomba, njovu, mwezi kapena mtengo wa mlambe, pakani phalalo pakhoma ndi siponji, ikani nsalu, pakaninso pamwamba mukusalaza. Ikauma imagwira nganganga. Tsiku losamuka mumangoinyowetsa, n'kusenda, n'kupukuta khoma. Koma yambani mwayesa kuseri kwa chitseko, chifukwa zitenje zina zimasuluka n'kusiya mtundu pakhoma, ndipo ndi bwino kuchapa nsaluyo kaye. Pakhoma la laimu sizigwira, ndipo pakhoma limene limanyowa nthawi ya dzinja phalalo limachita nkhungu.

Zilembo za dzina la mwana dikirani nazo. M'mabanja ambiri kwathu kuno dzina limabwera mwana akatuluka m'chikuta, ndipo nthawi zina olitchula ndi agogo kapena azakhali.

Tsopano poziika, ndipo apa ndikupempheni mundimvetsere. Pamwamba pa bedi la mwana pasakhale chilichonse cholemera, cha galasi, kapena cholendewera ndi chingwe. Tepi imafooka kukatentha mu Okutobala, ndipo chinthu chimatha kugwa usiku inu muli mtulo. Mikanda, mabatani ndi timaso tapulasitiki musamate pazithunzi, chifukwa mwana akayamba kukwawa chilichonse chothothoka chimathera m'kamwa. Komanso bedi lake lizidzakhala m'neti, ndipo netiyo isamapindidwe kapena kusiyidwa mpata chifukwa cha zokongoletsa. Malo abwino ndi pambali pamene muzidzasinthira thewera, m'munsi, molingana ndi mutu wake akagona chagada. Apo ndi pamene amakhala ali maso, mutu atatembenuzira kumbali.

Mwinanso malo amenewo sadzakhala m'kachipinda kamene mukukonzako. Madokotala a ana, kuphatikizapo bungwe la American Academy of Pediatrics, amalangiza kuti mwana azigona chagada, pabedi lakelake, koma m'chipinda cha makolo ake kwa miyezi 6 yoyambirira. Choncho kongoletsani kangodya ka kuchipinda kwanu kaye. Kachipinda kenako mudzakamalize mwana akamakula, ndi mitundu yonse imene mtima wanu ukufuna.

Penti gwiritsani wa madzi, wa acrylic kapena wa ana asukulu. Penti wina wa mafuta amakhala ndi mtovu, umene umaononga ubongo wa mwana ngakhale ali m'mimba, ndiye musapale khoma lakale kapena bedi lakale lopentedwa muli woyembekezera. Ntchito imeneyo apatseni ena, ndipo aigwirire panja.

Tibwere ku ma brownies. Musachite nawo manyazi. M'bokosimo muli shuga, ufa, koko ndi zofufumitsa zoyezedwa kale, ndipo mayi amene ali ndi khanda la masabata awiri sayenera kuima pa sikelo. Chimene chimawaulula kuti ndi a m'bokosi ndi kutsekemera kopanda china chotsatira, komanso kuwapsereza. Zonsezi zimakonzeka.

Bokosi nthawi zambiri limati muthire mafuta ophikira, madzi ndi mazira. M'malo mwa mafuta ikani batala wosungunula, muyezo womwewo, ndipo adikire kuzizira pang'ono kuti asaphike mazira. M'malo mwa madzi ikani khofi wakuda wozizira. Sadzamveka ngati khofi, amangozamitsa kukoma kwa koko. Wa ku Mzuzu ngati muli naye ndi wabwino, koma ngakhale wosungunula uja amatha. Thiraninso kamchere kotsina ndi zala, makamaka ngati batala wanu ndi wopanda mchere. Pa mazira samalani: kuonjezera dzira lathunthu kumawasandutsa keke, pamene kuonjezera chachikasu chokha kumawapangitsa kukhala onyowa ndi onata m'kati, momwe brownie weniweni amakhalira. Takasani ndi mthiko mpaka ufa ungosowa, basi.

Popeza mabokosi ndi awiri, apangeni mosiyana. Loyamba likhale la mtedza. Kazingani nsawawa, pukusani makoko, tayani iliyonse yofota kapena yachuku, sinjani pang'ono n'kusakaniza theka la kapu. Mukathira m'thireyi, dontheza-donthezani masupuni atatu kapena anayi a chiponde pamwamba n'kukokera ndi nsonga ya mpeni kuti chipange mizere. Chiponde chikakhala cholimba chifewetseni pamoto pang'ono. Makadamiya a ku Thyolo amakoma kwambiri umu, kungoti thumba limadandaula.

Lachiwiri tengerani nzeru ku mzinda wa Chicago ku America. Hotela ya Palmer House kumeneko imanena kuti brownie anabadwira m'khitchini mwake mu 1893, pamene Bertha Palmer anapempha chotsekemera chosavuta kunyamula cha amayi opita ku chionetsero chachikulu cha chaka chimenecho. Wawo amakhala ndi mtedza wa walnut ndipo pamwamba amapakapo madzi a jamu wa apricot. Inunso chitani chimodzimodzi. Dulani chokoleti cha sileti tizidutswa n'kuthira m'kati musanaphike, ndipo akapsa, tenthetsani masupuni atatu a jamu wa apricot ndi supuni imodzi ya madzi n'kupaka mopyapyala akadali ofunda. Kuwawasa kwa jamuyo kumathyola shuga, ndipo pamwamba pamawala. Ili ndi limene ine ndingaike patsogolo pa alendo.

Chinthu chimene ambiri sachiwerenga ndi timawu ta pambali pa bokosi. Mabokosi ena, monga a Betty Crocker, amakhala ndi malangizo a anthu okhala m'malo okwera kuyambira mafiti 3,500, amene ndi pafupifupi mamita 1,070. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, m'malire mwenimweni, pamene Mzuzu ndi Dedza zili pamwamba kuposa apo. Kumalo okwera mpweya supanikiza kwambiri, choncho chophikacho chimafufuma msanga n'kuphwa pakati. Ngati bokosi lanu lili ndi malangizo amenewo atsatireni. Ngati lilibe, supuni imodzi ya ufa wa tirigu yoonjezera imathandiza.

Yalani pepala lophikira m'thireyi, uvuni ukhale pa madigiri 175 mpaka 180, ndipo kukula kwa thireyi kugwirizane ndi zimene bokosi lanena, chifukwa m'thireyi yaikulu amapyapyala n'kupsa msanga. Yambani kuyesa kutatsala mphindi 5 kuti nthawi yolembedwayo ikwane. Kamtengo mukabaya pakati kazituluka ndi tinyenyeswa tonyowa. Kakatuluka koyera ndiye kuti apitirira. Magetsi akakhala kuti kulibe, mbaula imatha: mchenga pansi pa poto wamkulu, thireyi pamwamba pa mchengawo, makala ochepa pansi ndi ambiri pachivundikiro. Asiyeni azizire kotheratu musanadule, ndipo muzipukuta mpeni mukadula mzere uliwonse.

Zosaphikazo musanyambite muli woyembekezera, chifukwa dzira laiwisi ndi ufa wauwisi zimatha kukhala ndi tizilombo. Pa tsikulo muwauze alendo mbale imene muli mtedza, popeza ena matupi awo sagwirizana nawo, ndipo tiana tosakwana zaka 5 tingatsamwe ndi zidutswa zikuluzikulu. Ma brownies amasungika bwino mufiriza kwa miyezi iwiri kapena itatu mukawakulunga mothina, ndiye ngati muli nayo, phikani mwezi wachisanu ndi chinayi usanafike pakati, ndipo jamu uja mudzapake tsiku lomwelo akasungunuka. Ngati firiza mulibe, lembani zosinthazi papepala mulimate pabokosi, kuti mlamu wanu kapena bambo a mwana adzaphike dzulo lake inu mukupuma.