Kontena yanu: ejenti wakale kapena kampani ya apu?

Achimwene, funso lanu ndaliona, loti kontena yanu ya matailosi yochokera ku Foshan ku China muipereke kwa ejenti wokiliya katundu amene mwakhala mukugwira naye ntchito zaka zonsezi kapena muyese kampani yatsopano ya apu ija yakupatsani mtengo wotsika nkukulonjezani kuti muziona pafoni pomwe katundu wafika. Ine ndikuti kontena yathunthu musaipereke kwa anthu oti simunawayesepo, koma apu yawoyo musaifufute ayi, ili ndi ntchito yake.

Tiyambe ndi mtengowo, ukutsika chifukwa chani? Sitima ndi zomwezo za Maersk, MSC ndi CMA CGM, doko ndi lomwelo, thiraki imwa dizilo yemweyo wodulayu. Ndiye wina akatchipitsa kwambiri ndiye kuti pali amene akulipira kusiyanako, ndipo ku makampani amtundu umenewu amakhala ma investor amene anathiramo ndalama kuti kampani ikule mwachangu, ikope makasitomala ambiri, phindu lidzaoneka mtsogolo. Pamene ndalama zikulowa inu mumanjoya ndithu. Vuto limabwera tsiku lomwe eni ndalama anena kuti basi takwana, chifukwa tsikulo kontena yanu ikhoza kukhala ili pakati panyanja.

Izitu zinachitika kale. Ku America kunali Convoy ya ku Seattle, imene inkalumikiza eni katundu ndi eni mathiraki kudzera pa apu, mu 2022 ankaiwerengera madola 3.8 biliyoni koma mu Okutobala 2023 inatseka, zamakono zawo zinagulidwa ndi Flexport, kampani ina ya ku America yotumiza katundu kudzera pa intaneti. Flexport yomweyo, imene Ryan Petersen anayambitsa mu 2013 nkufika pa madola 8 biliyoni mu 2022, chaka cha 2023 inachotsa antchito kawiri konse, ulendo uliwonse pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 5 alionse. Iyo ilipobe ndipo ikugwira ntchito, koma inagwedezeka kwambiri mitengo yonyamulira katundu itatsika pambuyo pa Covid. Kuno ku Africa, Sendy ya ku Nairobi, yonyamula katundu kudzera pa apu, inagwa mu 2023. Kobo360 ya ku Nigeria, yolumikiza eni katundu ndi eni mathiraki pa apu, inalandira madola 30 miliyoni mu 2019 motsogozedwa ndi Goldman Sachs, koma inadzavutika chifukwa eni mathiraki amafuna ndalama pompo pomwe makampani akuluakulu eni katundu amalipira patapita nthawi yaitali, ndiye bowo limenelo apu singalitseke. Ngakhale Maersk ndi IBM ndi ndalama zawo zonsezo anatseka TradeLens, njira yawo ya pa intaneti yolondolera makontena ndi mapepala ake, kumayambiriro kwa 2023.

Nthawi yomweyo makampani akale onyamula katundu akungogulana okhaokha nkumakulirakulira. MSC inagula Bolloré Africa Logistics kumapeto kwa 2022 ndi mayuro 5.7 biliyoni, ndi imene pano tikuitcha AGL ija, ndipo DSV inameza DB Schenker mu 2025. Chimene MSC inagula si apu, inagula ma yard, ma warehouse, malayisensi ndi anthu okhala pamadoko.

Apa mpomwe pali nkhani yathu ife Amalawi. Tilibe nyanja yotifikitsira sitima, ndiye gawo la China kufika ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam ndi losavuta, aliyense atha kukubukirani. Mutu umayamba kuwawa kontena ikatsika sitima. Ikadzera ku Beira idutsa ku Tete nkulowera pa Mwanza kapena pa Dedza, ikadzera ku Dar ndiye Mbeya, Kasumulu mpaka pa Songwe, ndipo paliponse pali mapepala a transit odutsitsira katundu m'dziko la eni, pali bondi yomwe ndi chikole cha msonkho, pali munthu wa kasitomu wofuna kuona kuti zonse zikugwirizana. Tangoganizani nambala ya seal, kachitsulo kotsekera kamene kali pachitseko cha kontena, yasiyana digiti imodzi yokha ndi imene yalembedwa pa bill of lading, pepala la katundu lochokera kwa eni sitima. Thiraki igona paboda, dalaivala akuimbirani kuti ndalama yachakudya yatha, mwini thiraki wayamba kuwerenga masiku, apu ikungoonetsa kadontho katangoima malo amodzi. Amene amamasula zimenezi ndi munthu woti anyamule fayilo alowe muofesi, aimbire a shipping line, eni sitima aja, akonze pepala, adikire mpaka madzulo. Ndiye muwafunse a apuwo kuti munthu ameneyo ndi ndani, dzina la kampani yake ndi chani, chifukwa kawirikawiri mupeza kuti nawonso angolemba ganyu ejenti wamba wa ku Beira yemwe inu simukumudziwa ndipo iye sakukudziwani.

Komanso kunjira kumachitika zinthu zoti palibe kompyuta ingalosere. Namondwe wa Idai mu Marichi 2019 anaphwanya Beira, zionetsero za pambuyo pa chisankho ku Mozambique kumapeto kwa 2024 zinaimitsa mathiraki mpaka kuno mafuta anavuta. Nthawi ngati imeneyo mumafuna munthu woti akuuzeni msanga kuti kontena yotsatira tiidutsitse ku Dar, ndiponso woti akachonderere a shipping line kuti achepetse demurrage, ndalama zomwe amatchaja mukachedwetsa kontena.

Demurrage imeneyi ndi imene imapha ma bizinesi ang'onoang'ono, ndipo ambiri sitiifunsa poyamba. A shipping line amakupatsani masiku aulere oti mutenge kontena, mutsitse katundu ku Lilongwe nkubweza chibokosi chopanda kanthu kudoko. Masikuwo akatha amayamba kutchaja tsiku ndi tsiku, m'madola, ndipo mukudziwa nokha mmene dola ikuvutira kupeza kubanki, chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu sizinakhalenso bwino. Kuchotsera kumene akupatsani pa quotation kutha kudyedwa konse ndi sabata imodzi yochedwa.

Musandimve ngati ndikuikira kumbuyo ma ejenti akale onse. Ena amatitopetsa zedi, foni sayankha, ukafunsa kuti katundu ali pati yankho ndi loti "ali mnjira bwana" sabata ndi sabata, invoisi imabwera ndi mzere umodzi wokha wopanda kufotokoza kuti ndalama yapita kuti. Ena amakunyengererani kuti tichepetse mtengo wa katundu papepala kuti msonkho utsike, zimenezo kanani, chifukwa a MRA akadzabwera kudzafufuza pambuyo pake chindapusa chimagwera inu mwini katundu, dzina lili pa declaration ndi lanu. Apa a apu anatithandiza kwambiri, anatiphunzitsa kuti mtengo utha kulembedwa poyera mzere ndi mzere ndipo kasitomala ali ndi ufulu wodziwa pomwe katundu wake ali. Ndiye tengani quotation yawoyo mupite nayo kwa ejenti wanu mumuuze kuti nayenso alembe chonchi, ya sitima payokha, za padoko pazokha, thiraki, kukiliya, dipoziti ya kontena. Ejenti wabwino sakwiya nazo. Kuti muone pomwe sitima yafika musalipirire munthu, nambala ya kontena mukailemba pa webusaiti ya shipping line imakuonetsani ulere.

Ngati mtima ukufunabe kuwayesa atsopanowo, yambani ndi katundu wochepa wophatikizana ndi anthu ena mukontena imodzi, woti atachedwa mwezi shopu siitsekedwa. Musanalipire akuyankheni molemba: mtengowu ukuthera padoko kapena pageti panu ku Lilongwe, masiku aulere ndi angati ndipo akapitirira chifukwa cha iwo alipira ndani, amene akalowetse Form 12, pepala la declaration lija, mu ASYCUDA, kompyuta ya kasitomu, ndi kampani iti ndipo ili ndi layisensi ya MRA kapena ayi. Funsaninso kuti pa bill of lading ya a shipping line palembedwa dzina la ndani, chifukwa ngati ndi lawo ndiye akagwa ali ndi ngongole kontena yanu itha kugwidwa padoko inu mutalipira kale zonse. Ndalama musapereke yonse kumayambiriro, ndipo inshuwalansi ya katundu gulani panokha, musadalire yawo, imene amalipira onyamula katundu zinthu zikaonongeka imakhala yochepa kwambiri, matailosinso ndi osachedwa kusweka pamsewu wa ku Tete uja.

Kontena iyi ipite ndi ejenti wanu bola avomere kulemba mitengo poyera. Ma quotation awiriwo mukawalandira bisani maina muwaponye pano tiwaone limodzi, makamaka mzere wa masiku aulere ndi wa dipoziti.