Wosewera filimu akanena poyera zimene akufuna

Mtsikana wina amene wangoyamba kumene kusewera m'mafilimu ku Lilongwe wandilembera imelo. Akuti atanena pawailesi kuti akufuna kudzadziwika mu Africa yense, anzake anayamba kumunena kuti wayamba kudzimva, ndipo akufunsa ngati kuli bwino kuti azingokhala chete. Achemwali, funso lanu landifika pamtima chifukwa ine zimenezi zinandionekerapo.

Ndili mnyamata ndinali m'gulu lina la zisudzo ku Blantyre, m'masiku amene aliyense wa ife ankalakalaka kudzaima pansanja ya French Cultural Centre, pamene Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata ankadzazitsa anthu. Tsiku logawana mbali za sewero latsopano ndinaimirira pamaso pa onse n'kunena kuti ndikufuna mbali ya mfumu, popeza ndinkadziwa kuti ndingaikwanitse. Mkulu wa gululo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Ine anandipatsa mbali ya nyakwawa yongoombera m'manja, ndipo ufumuwo unapita kwa mnzathu wina wofatsa amene akamuyamikira ankayankha kuti ndi chisomo chabe. Patapita miyezi ndinamva kuti mnzathuyo ankapita kunyumba kwa mkuluyo madzulo, kumunyamulira zikwama ndi kumuchonderera za mbali yomweyo. Tonse tinkafuna chinthu chimodzi, koma iye ankadziwa kokapemphera, ndipo mpaka lero amene tinali nawo m'gululo amamukumbukira ngati munthu wodzichepetsa, pomwe ine amandikumbukira ngati wamatama.

Ku Hollywood nako nkhaniyi sinathe. Mu February 2025, Timothée Chalamet, ali ndi zaka 29, analandira mphoto ya bungwe la osewera mafilimu la Screen Actors Guild chifukwa cha filimu imene anasewera ngati woimba Bob Dylan. Polankhula ananena mosabisa kuti akufuna kudzakhala mmodzi wa akatswiri akuluakulu, ndipo anatchula Daniel Day-Lewis, Marlon Brando ndi Viola Davis, ngakhalenso Michael Jordan ndi Michael Phelps amene ndi a zamasewera. Anthu anagawikana, ena kuyamikira kuti wanena zoona, ena kunena kuti mwanayu wakula mtima, ndipo mphoto ya Oscar, yotchuka kwambiri pa mafilimu, itapita kwa Adrien Brody sabata yotsatira, analipo amene anakondwa ngati kuti mlandu waweruzidwa.

Kwa akazi zimakhala zowawa kuposa pamenepa. Mu 2013 Anne Hathaway anapambana Oscar atameta tsitsi ndi kudzionditsa chifukwa cha mbali yake, koma pa intaneti anamunyoza kwa nthawi yaitali, chifukwa choti ankaoneka kuti mphotoyo ankaifunitsitsa ndipo zolankhula zake anachita kukonzekera. Usiku womwewo Jennifer Lawrence anaphunthwa pamasitepe akukalandira yake, ndipo anthu anamukonda kwambiri poona ngati ndi mnzawo wamba. Ataphunthwanso chaka chotsatira, ena mwa anthu omwewo anayamba kunena kuti akuchitira dala.

N'chifukwa chake ine sindikhulupiriranso kuti oonerera amafuna kudzichepetsa kwenikweni. Chimene amafuna ndi sewero lina la kunja kwa filimu, loti munthu amene wagwira ntchito zaka zambiri azioneka ngati mwayi wangomugwera, chifukwa mwayi supweteka mtima wa woonerera monga mmene khama la mnzake limapwetekera. Kuno kwathu khalidweli limationonga kwambiri, popeza ntchito ya mafilimu ilibe ndalama zoti n'kudikira wina akutulukireni. Joyce Mhango Chavula anabweretsa mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016, ndipo filimu ya Shemu Joyah inatenga mphoto yomweyo mu 2018. Mafilimu amenewo sanadziyendere okha kukafika ku Lagos, ku Nigeria, kumene mphotozo zinaperekedwa. Eni ake anawatumiza ku mpikisano chifukwa ankakhulupirira kuti ndi oyenera kupambana, ndipo mphotozo zitabwera tonse tinavina osafunsa ngati kutero kunali kudzichepetsa.

Nanga muchite chiyani?

Musabweze mawu anu ndipo musapepese. Mukafunsidwanso pawailesi, nenani zomwezo, koma mutchulenso ntchito imene mukugwira kuti mukafike kumeneko ndi anthu amene mukuphunzira kwa iwo. Kumalo ojambulira fikani pa nthawi yake mutaloweza mawu anu, ndipo wonyamula magetsi ndi mayi wophikira gulu muziwapatsa moni umene mumapatsa wotsogolera filimu, chifukwa anthu amenewa ndi amene amafunsidwa mwakachetechete za khalidwe lanu pamene wina akufuna kukulembani ntchito ina.