Za makina otsukira mbale aja, alamu

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko ku Area 47? Uthenga wanu ndaumva. Mukufunsa ngati mungathe kuchotsa nokha makina otsukira mbale amene afa aja, aja olowa m'kati mwa makabati, n'kuikapo atsopano osaitana pulambala. Mungathe ndithu, muli awiri ndi achimwene. Koma musanapite kokagula tengani kaye tepi yoyezera.

Muyeze mpata womwe makinawo akhala. Ambiri m'lifupi amakhala masentimita 60, ena ang'ono 45. Kutalika muyeze kuchokera pa matailosi mpaka kunsi kwa thabwa la pamwamba pa makabati, nthawi zambiri pamafunika 82 kapena kuposerapo pang'ono. Apa ndi pomwe anthu amagwa nazo: ngati matailosi anaikidwa makina ali kale m'malo, makinawo amakhala ngati ali m'dzenje, ndiye potulutsa mumayenera kufupikitsa miyendo yake mpaka kumapeto.

Chachiwiri ndi madzi. Kwanuko ndikudziwa muli ndi thanki. Ambiri mwa makinawa amafuna mphamvu ya madzi yosachepera theka la bar, kutanthauza kuti madzi a m'thanki akhale pamwamba pa makinawo ndi mamita 5. Thanki ikakhala yofupika, madzi amalowa modontheza, makina amadikira, kenako amangoima n'kuonetsa kuti palibe madzi. Mumaganiza kuti mwagula zakufa pomwe vuto ndi thanki. Ndiye muone kaye ngati payipi ya kukhitchini ikuchokera ku Water Board mwachindunji, kapena ngati pali pampu.

Tsopano kuchotsa. Zimitsani magetsi, zulani pulagi. Tsekani kavalavu kali pansi pa sinki. Ngati kauma, musalimbane nako, katsekeni madzi ku mita, kapena pa thanki ngati akuchokera kumeneko. Ikani beseni ndi thaulo, masulani payipi yolowetsa madzi, kenako ija yotulutsa. Chotsani thabwa la m'munsi lija, lotchinga miyendo ya makina. Mukatsegula chitseko muona ma screw awiri pamwamba kapena m'mbali omwe agwira makinawo ku kabati, amenewo amasuleni. Thabwa la pa chitseko musataye ayi, ndi lomwe mudzaike pa atsopanowo, limamasulidwa cham'kati. Makina ambiri ma screw ake ndi aja a mutu wa nyenyezi, Torx T20, ku Malangalanga mukapeza. Yalani katoni pansi, kokani pang'onopang'ono wina akulondoleza mapayipi pa bowo la kabati. Musawapendeke kwambiri, mumatsala madzi onunkha.

Makina ochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano atatu ozungulira, pomwe masoketi athu ndi a mano a makona. Chonde alamu, adaputa ayi. Makinawa akamatenthetsa madzi amakoka mawati oposa 2,000, adaputa imatentha n'kusungunuka kuseri kwa kabati komwe simukuona. Muike pulagi yabwino ya fiyuzi ya 13 amp. Waya wa bulauni ku L, wabuluu ku N, wobiriwira ndi chikasu ku earth. Ngati akalewo alibe pulagi, waya wake wangolowa m'khoma, pamenepo pokha itanani wamagetsi. Komanso musawalumikize ku inverter, atha mabatire musanadye nsima.

Musanamange payipi ya madzi, tsegulani kavalavu kaja mutungire m'ndowa mpaka madzi ayere. Mukudziwa mmene madzi amabwerera akakhala kuti anasiya, matope okhaokha, ndipo kasefa kali pakamwa pa payipi sikachedwa kutsekeka. Gwiritsani ntchito payipi yatsopano yobwera ndi makinawo. Mazinga ake ndi a 3/4 inchi. M'kati muli kalabala kakuda, ndi komwe kamatseka madzi, thread tape sikufunika. Mangani ndi dzanja, muwonjezere pang'ono chabe ndi sipanala. Mukakakamiza, pulasitiki imang'aluka. Ngati payipiyo ili ndi kabokosi kumutu, musaidule, mumadutsa waya.

Payipi yotulutsa madzi ndi yomwe ndikufuna mumvetsetse bwino. Isangoyenda pansi n'kukalowa pa sinki. Ikwere kaye mpaka kunsi kwa thabwa la pamwamba, muimangirire pamenepo, kenako itsike kukalowa pa kamlomo ka pa thirapu, payipi yokhota ija ili pansi pa sinki. Mukapanda kutero, madzi akuda a m'sinki amabwerera m'makina, mbale zimatuluka ndi fungo. Ndipo ngati mwagula thirapu yatsopano, kamlomo kameneko kamabwera kotseka m'kati. Chotsanimo chotsekeracho, apo ayi makina satulutsa madzi. Mangani ndi kilipi ya chitsulo.

Mukamakankhira makinawo m'malo mwake, wina azikoka mapayipi cha ku sinki kuti asapindike kumbuyo. Kwezani miyendo mpaka afike pafupi ndi thabwa, muike levulo. Pa makina ambiri mwendo wakumbuyo umakwezedwa ndi screw ili kutsogolo, pakati m'munsi. Akapendekeka, chitseko sichitseka bwino ndipo madzi amatuluka pakona. Ngati pamwamba panu ndi pa granite musaboole, amangireni m'mbali. Ngati ndi pa thabwa, m'katoni mumakhala kapepala konyezimira, kamateni kunsi kwake kuti nthunzi isafufumitse thabwalo. Pa chitseko tsatirani chipepala chachikulu chija chosonyeza poboola, osangoyerekeza ndi maso.

Thabwa la m'munsi musabwezeretse msanga. Ngati makinawo ali ndi malo a mchere, thiranimo kaye madzi kenako mchere wake wa makina, osati wa ndiwo. Yalani nyuzipepala pansi ndi pansi pa sinki, muyatse opanda mbale, tsiku lomwe ESCOM sinalengeze kuzimitsa kudera kwanu. Pepala likakhala louma mpaka kumapeto, bwezeretsani thabwa lija. Mukayeza mpata uja munditumizire manambala ndi chithunzi cha pansi pa sinki ndione thirapu yomwe ilipo.