Achimwene a minibasi ya alendo, yambani mwapeza munthu ndi kope, ngongole ibwere pambuyo

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri, ndipo ndaona kuti mizere iwiri singakuthandizeni, ndiye mundipirire ndilemba zambiri. Mwati mwatha chaka ndi miyezi mukuperekeza alendo ku Michiru ndi ku Mulanje Loweruka ndi Lamlungu, galimoto mumachita hayala, tsopano mukufuna kudziwa komwe mungapeze upangiri, munthu wokulangizani, ndi ndalama zogulira minibasi yanuyanu. Ambiri m'gulu lino akuyankhani za ndalama zokhazokha. Ine ndiyambira kwina, chifukwa ndinayambapo ndi ndalama ndipo zinandiwawa.

Ndili ndi kanyumba kogona alendo ka zipinda zisanu cha ku Chigumula, komanso ndimakonza maulendo a ku Thyolo, Mulanje ndi Majete. Munthu amene anandiwongola pa ntchito imeneyi sanandipatse ngakhale tambala. Anali bambo ena achikulire omwe anagwira ntchito zaka zambiri mu hotela mpaka kupuma. Ndinapita kwawo ndi dandaulo ngati lanuli, lakuti mpamba ukuchepa. Anandikhazika pakhonde, nkuvala mandala awo, nkunena kuti, "Mayi, tandionetsani kope lanu." Ndinalibe. Anang'amba pepala m'kope la mdzukulu wawo nkuyamba kundifunsa za ulendo umodzi wokha wa ku Likhubula womwe ndinali nditangopanga. Hayala munalipira zingati? Mafuta? Polowera? Woperekeza alendo m'phiri? Onyamula katundu? Nkhuku ndi mpunga zomwe munawaphikira? Mayunitsi omwe munatha poimbira anthu sabata yonse? Chilichonse ankalemba. Pomaliza anafunsa kuti, "Nanga tsiku lanu lija, kuchoka 4 koloko m'mawa mpaka usiku, mwalilipiritsa zingati?" Titawonkhetsa, zinaoneka kuti ulendo womwe ndinkauyesa wa phindu ndinawonjezerapo ndalama ya m'thumba mwanga. Anandiuza mosabisa kuti ndikadakongola tsiku limenelo, ngongoleyo ikadangokulitsa dzenje.

Nchifukwa chake ndikuti funani munthu kaye. Ndipo mu Blantyre muno anthu otere alipo ambiri, timangochita nawo manyazi, pomwe mbewa ya manyazi inafera kuuna. Malawi Institute of Tourism ili m'tauni momwemuno, ndi hotela yake ya Alendo momwe ophunzira amayeserera ntchito. Aphunzitsi a pamenepo aphunzitsa anthu omwe lero ndi mamanijala m'mahotela ndi m'malo ogona alendo dziko lonse lino, choncho ngakhale iwo atakhala otangwanika, amadziwa woti akulozereni. Pali Malawi Tourism Council yomwe imasonkhanitsa eni mabizinesi a zokopa alendo. Funsani za umembala, chifukwa nkhani za maphunziro ndi misonkhano zimayamba kumveka kumeneko zisanafike m'magulu ngati lino. Poti inu ndinu wa m'mapiri, yandikirani a Mountain Club of Malawi ndi a WESM, bungwe losamalira nyama za m'tchire ndi chilengedwe, omwe amakonda kuyenda m'tchire ndi kuona mbalame. Ndipo musapeputse operekeza alendo akale a ku Likhubula. Munthu amene wakwera ku Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002, kambirimbiri, amadziwa tsiku loti chiperoni chikatsika mubwerere, ngakhale mlendo atakwiya. Nzeru imeneyo simungaipeze m'kalasi.

Kapemphedwe kake ndi komwe achinyamata ambiri mumalakwitsa. Musamuuze munthu kuti "mukhale mlangizi wanga", amachita mantha, amaona ngati mwamusenzetsa mtolo kapena mukubwera kudzapempha ndalama. Pitani ndi funso limodzi looneka mutu wake. Mwachitsanzo, gulu la anthu 12 lasungitsa malo, anayi asintha maganizo usiku woti mawa ndi ulendo, kodi inu mumatani? Funso lotere aliyense wodziwa ntchito amakondwa kuliyankha. Mukatero kachiteni zomwe wakuuzani, pakatha milungu iwiri mubwerere mukamuuze momwe zayendera. Kubwererako ndi komwe kumamanga ubale. Ngati ali ndi ulendo waukulu ndipo akusowa wothandiza, dziperekeni ngakhale malipiro akhale ochepa, muone momwe amalandirira anthu, momwe amayankhulira ndi dalaivala, momwe amachitira mlendo akadwala m'mimba pakati pa njira. Malo ena okumanirana ndi anthu otere ndi pa chionetsero cha zamalonda cha MCCCI ku Chichiri, pa chionetsero cha zokopa alendo cha Takulandirani ku Lilongwe, komanso mwezi wa September womwe kuno timaupatula kukhala wa zokopa alendo.

Za mapepala ndidutsa msanga poti sizovuta kumva, koma musazilumphe. Lembetsani dzina la bizinesi kwa Registrar General, tengani nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA pa Msonkho House, layisensi ya khonsolo ya mzinda, ndi chiphaso cha ku nthambi ya zokopa alendo. Tsegulani akaunti ya ku banki m'dzina la bizinesi, ndipo nambala ya Mpamba kapena Airtel Money yomwe alendo amalipirirapo isakhale yomwe mumagulira ndiwo ndi magetsi. Aliyense wopereka ndalama, kaya ndi banki kaya ndi bungwe, chinthu choyamba chomwe amafuna ndi sitetimenti ya miyezi ingapo yoonetsa kuti ndalama zimalowa. Chaka ndi miyezi yomwe mwagwira kale ntchitoyi, ngati sinalembedwe paliponse, kwa iwo ili ngati simunayambe. A SMEDCO (kale SMEDI), bungwe lothandiza mabizinesi ang'onoang'ono, ndi a TEVETA amakhala ndi maphunziro a kasungidwe ka mabuku ndi kalembedwe ka pulani ya bizinesi. Amayi omwe mukuwerenga nawo, kumbukiraninso NABW, bungwe la amayi ochita bizinesi.

Tsopano ndalama. Zothandizira zosabweza zilipo ndithu, koma ndi zochepa ndipo ozifuna ndi khamu. Yomwe ndimauza wachinyamata aliyense kuti ayese ndi ya Tony Elumelu Foundation. Amatsegula pa 1 January chaka chilichonse, mumalembetsa pa intaneti osalipira kanthu, osankhidwa amaphunzitsidwa, amapatsidwa alangizi, kenako mpamba wa madola 5,000. Ngakhale musasankhidwe, mafunso a pa fomu yawo amakukakamizani kuganiza bwino za bizinesi yanu, ndipo mayankho omwewo mudzawagwiritsa ntchito kwina. Palinso Growth Accelerator ya UNDP, yomwe imaitana mabizinesi olembetsedwa omwe ayamba kale kuyenda. Imeneyo imafuna kuti nanunso muikepo gawo lanu, ndiye muziyang'anira akalengeza ndi kuwerenga bwino ngati gawo la zokopa alendo lili m'gulu la omwe akuwafuna ulendo umenewo. Polemba, musangoti ndikufuna galimoto. Onetsani anthu omwe amadya nawo pa ulendo wanu, onyamula katundu a ku Mulanje, amayi ophika, anyamata osema ziboliboli, alimi omwe mumagulako nanazi. Phiri la Mulanje linalowa mu kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2025, ndipo pali Mulanje Mountain Conservation Trust (MMCT) yomwe yakhala ikugwira ntchito yoliteteza kwa zaka zambiri. Munthu amene ntchito yake ikugwirizana ndi kusamala phirilo amamveka msanga kuposa ongofuna matayala.

Pamenepa ndichenjeze aliyense. Wina akakulemberani ku inbox kuti dzina lanu latuluka pa thandizo la ndalama, mutumize kaye kangachepe ka fomu pa foni, ameneyo ndi wakuba. Ndaona anthu akulira nazo m'gulu lomwelino.

Ngongole ndi yomwe ndikufuna tikambirane modekha. Zitseko zake mukuzidziwa: bungwe la boma lobwereketsa lomwe ladziwika ndi maina a MARDEF, MEDF ndi NEEF, mabanki, bungwe lokongoza mabizinesi la MAIIC kwa omwe akula kale, ma SACCO, ndi banki mkhonde ya kwathu kuno. Kudzera mu pulojekiti ya FInES, yomwe ndalama zake zinachokera ku World Bank kudutsira ku Reserve Bank, mabanki ena ndi mabungwe obwereketsa anapatsidwa ndalama zoti akongoze mabizinesi ang'onoang'ono pa chiwongola dzanja chotsikirapo, choncho mukalowa mu banki funsani ngati ali ndi ngongole ya mtundu umenewo m'malo molandira yomwe akuyambira kukuonetsani. Kumbukirani kuti mu 2024 Reserve Bank inaika mlingo wake pa 26 peresenti, ndipo banki yanu imawonjezera pake pamwamba. Bizinesi yathuyi siipirira chiwongola dzanja chotere, pa chifukwa chimodzi chachikulu: ili ndi nyengo. Kuyambira May mpaka October foni imalira. Mvula ikagwa, January ndi February, njira za m'phiri zimaterera, makolo ali pa fizi, mutha kutha milungu itatu osaona mlendo. Koma tsiku lobweza ngongole silidziwa mvula.

Ine ndinaphunzira mowawa. Chakumapeto kwa 2019, bambo aja atandiletsa, ndinakatenga ngongole ku bungwe lina lobwereketsa kuti ndiwonjezere zipinda ziwiri, yobweza sabata iliyonse. Makoma atangofika pa windo, Covid inafika, ndege zinaima, misonkhano inathetsedwa, nyumba inangoti zii. Lachisanu lililonse mnyamata wa bungwelo ankafika pa njinga yamoto ndi buku lake. Ndinagulitsa firiji yaikulu, kenako kapuloti komwe ndinkasungira ana. Tsiku lomwe ndinauza mtsikana wondithandiza kuchapa zofunda kuti apite kaye kumudzi, anapinda yunifolomu yake bwinobwino nkuiika pa bedi la chipinda chachitatu, osanena kanthu. Mpaka lero ndikalowa m'chipinda chimenecho ndimakumbuka. Titayamba kudzuka, Freddy anabwera mu March 2023, nkuononga misewu ndi milatho ya ku Mulanje ndi Phalombe, anthu ambiri ku Chilobwe ndi Soche anataya miyoyo, ndipo panalibe woganiza zokayenda. Sindikunena izi kuti muope ngongole mpaka kalekale. Ndikuti mukamasaina muzifunsa kuti, miyezi itatu itadutsa opanda mlendo, ndibweza ndi chiyani? Pemphani yobweza pamwezi, yokhala ndi miyezi yopumira poyamba, ndipo chikole chisakhale nyumba yomwe mukugonamo ana. Katapila ndiye musamuyandikire nkomwe.

Za minibasiyo maganizo anga ndi akuti musagule chaka chino. Tawerengani nokha. Mumayenda Loweruka ndi Lamlungu, ndiye kuti masiku 8 pamwezi, zikayenda bwino. Masiku enawo galimoto idzakhala pabwalo, kwinaku inshulansi ya okwera, chiphaso choti galimoto ili bwino (COF), matayala ndi ngongole zikuwerengabe. Mudzakakamizika kuiponya pa msewu wa Limbe kuti izidzilipira, ndipo pakatha miyezi isanu mipando idzakhala yoti simungakwezepo mlendo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zipangizo za galimoto zinakwera mtengo nthawi yomweyo, ndipo masiku a mizere ya mafuta tonse tikuwadziwa. Panopa mavuto amenewo akusenza ndi mwini galimoto. Chomwe mungachite ndi kupeza mwini minibasi mmodzi wosamala, mulemberane pangano la mtengo wokhazikika pa maulendo angapo, dalaivala akhale yemweyo nthawi zonse kuti azolowere alendo. Ndipo aliyense wosungitsa malo azilipiriratu theka. Ndalama imeneyo ndi mpamba wopanda chiwongola dzanja, ndipo ndi umene ukuyendetsa ambiri a ife.

China chomwe ndikuona mwachisiya ndi mzinda wathu womwewu, womwe sufuna minibasi. M'mahotela muno mumadzaza anthu obwera ku misonkhano, ochokera ku Lilongwe, Lusaka, Harare, omwe ikakwana 3 koloko amangokhala pa foni kusowa kopita. Mandala House inamangidwa mu 1882 ndipo ilipobe, pamwamba pake pali laibulale ya Society of Malawi momwe mungawerenge mbiri yoti muzifotokozera anthu. Tchalitchi cha St Michael and All Angels pa HHI chinatha kumangidwa mu 1891, motsogozedwa ndi David Clement Scott yemwe sanaphunzire za zomangamanga, ndi manja a anthu akuda a kuno omwe anaumba njerwa zake. Onjezani nyumba ya mbiri yakale ya ku Chichiri, msika wa Limbe, Njira ya Mtanda ku Chilomoni. Ulendo wa maola atatu wotere mutha kuupanga Lachiwiri masana ndi takisi imodzi kapena wapansi. Dziwanani ndi a pa risepishoni, muwasiyire kapepala ka mitengo yanu, ndipo akakutumizirani mlendo muziwathokoza moonekera. Pitaninso kwa ahedi a masukulu, magulu a amayi a mvano, makwaya, ndi maofesi ofuna kukapumitsa antchito awo ku minda ya tiyi ya ku Thyolo. Amalawi anzathuwa ndi omwe anatigwira dzanja azungu atasiya kubwera. Masiku anu ogwira ntchito akachoka pa 8 kufika 18 pamwezi, zolembedwa m'kope ndi zooneka pa sitetimenti, nkhani ya minibasi idzakhala ina, ndipo a ku banki adzakulandirani mosiyana ndi lero.

Bambo anandithandiza aja anatisiya, ndiye zomwe anandichitira ndimayesetsa kuchitira ena. Ngati mungafune, ndilembereni ku inbox tipangane tsiku la pakati pa sabata, m'mawa alendo akatuluka ndimakhala ndi mpata. Mubwere ndi kope ndi cholembera, ndipo mukumbukire zonse zomwe munawononga ndi zomwe munalandira pa maulendo anu atatu omaliza, mpaka ndalama ya madzi akumwa. Tikawerengera limodzi ulendo wa ku Likhubula poyamba.