Kodi setilaiti imauluka, imayandama, kapena imagwa?

Sabata ino makalata atatu ochokera ku Kasungu agundana pa nkhani imodzi, ya zinthu zimene anthu amaponya m'mlengalenga kuti zizizungulira dziko. Ndiyamba ndi ya mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ku Santhe.

Iwo akuti: "Ndimaphunzitsa m'Chingerezi, koma ana akasokonezeka ndimabwereza m'Chichewa, ndipo apo mawu amandithera. Ndikati setilaiti imauluka, mwana amafunsa za mapiko ake. Ndikati imayandama, wina amafunsa kuti pamadzi ati. Mawu oyenera ndi ati?"

Aphunzitsi, ana anuwo musawakalipire, khutu lawo la Chichewa lili bwino. Chouluka chimadalira mpweya. Khwangwala ndi ndege zonse zimatsamira mpweya ndi mapiko, koma pa mtunda wa makilomita 400, pamene pamadutsa International Space Station, chombo chachikulu chokhalamo anthu chimene chimazungulira dziko, mpweya ndi wochepa kwambiri moti phiko lilibe chogwira. Choyandama nacho chimakhala ndi chochinyamula, monga madzi anyamulira bwato. Setilaiti ilibe choinyamula. Mneni woona ndi amene simunamuyese: setilaiti imagwa. Imagwa usana ndi usiku, koma osafika pansi.

Isaac Newton anafotokoza zimenezi ndi chitsanzo cha mfuti yaikulu yoikidwa pamwamba pa phiri lalitali. Inu tengani anawo m'maganizo mukwere nawo phiri la Kasungu, muyerekeze kuti latalika mpaka kupitirira mpweya wonse. Mwana aponye mwala ndi dzanja, ugwera patsinde. Aponye ndi legeni, ugwera patali pang'ono. Muwonjezere mphamvu, ukagwera ku Zambia, muwonjezerenso, ukagwera kunyanja yaikulu ya kumadzulo. Koma dziko ndi lobulungira ngati mpira, ndiye mwala ukamapita kutali nthaka nayo imapindikira pansi, kuuthawa. Ukafika pa liwiro la makilomita pafupifupi 8 pa sekondi imodzi, mwalawo umagwa mofanana ndi mmene nthaka ikuuthawira, ndipo mapeto ake ubwera kudzamugunda woponyayo kunkhongo. Kuzungulira dziko ndi kumeneko. International Space Station imathamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, imamaliza ulendo umodzi m'mphindi pafupifupi 90, ndipo patsiku imazungulira maulendo pafupifupi 16.

Choncho m'kalasi nenani kuti "imagwa mozungulira dziko" kapena "imagwa osafika pansi". Ana adzaseka, kenako adzafunsa chifukwa chake, ndipo phunziro lanu layamba.

Pali mawu ena amene ndimawamva kawirikawiri pawailesi, akuti kumlengalenga "kulibe mphamvu yokoka". Limeneli ndi bodza lobadwa ndi kumasulira mothamanga. Pa makilomita 400 dziko limakokabe ndi mphamvu yokwana magawo pafupifupi 9 mwa magawo 10 a mphamvu imene tikuimva pansi pano. Ikanakhala kulibe, chombocho chikanangopita molunjika osabweranso. Anthu a m'chombomo amaoneka ngati akuyandama chifukwa iwo ndi chombo chawo akugwera limodzi, ndiye palibe pansi poti pawakankhe kumapazi. Apa mneni wa kuyandama ndimamulola, bola patsogolo pake pakhale "ngati". Ndiponso ndimakonda "mphamvu yokoka ya dziko" kuposa "mphamvu yokokera pansi", chifukwa mukadzafika pa mwezi ndi dzuwa, zimene nazo zimakoka, mawu akuti pansi adzakusowetsani mtendere.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina wa ku Chamama amene amamasulira nkhani zowerengedwa pawailesi. Funso lawo ndi lalifupi: "Orbit m'Chichewa ndi chiyani? Ndalemba kazunguliridwe, koma mtima sukukhutira."

Mayi, mtima wanu ukunena zoona. Mawu opangidwa ndi ka- kutsogolo ndi -idwe kapena -edwe kumapeto amanena mmene chinthu chimachitikira: kayendedwe, kaphikidwe, kalankhulidwe. Kayendedwe ka munthu si msewu umene akuyendamo. Momwemonso kazunguliridwe ka setilaiti ndi mmene ikuzungulirira, mofulumira kapena mochedwa, pomwe orbit ndi njira yeniyeniyo. Ndiye "njira yozungulira dziko" ikukwanira, ndipo mukaitchula kamodzi, kutsogoloko muzingoti "njira yake".

Koma nthawi zambiri dzinalo silifunika n'komwe. Chichewa chimayenda ndi aneni. Ponena za Sputnik 1, setilaiti yoyamba kuponyedwa, m'malo movutika ndi "Sputnik 1 inalowa mu njira yozungulira dziko", lembani kuti "Sputnik 1 inayamba kuzungulira dziko pa 4 Okutobala 1957". Nenaninso kuti Yuri Gagarin anazungulira dziko kamodzi pa 12 Epulo 1961, pa ulendo wa mphindi 108. Palibe chimene chatayika, ndipo wowerenga nkhani sapunthwa lilime.

Chenjerani ndi chimodzi. Mneni wa kuzungulira ali ndi ntchito ziwiri, ndipo dziko limachita zonse. Limazungulira dzuwa, ulendo wa chaka, komanso limazungulira palokha ngati nguli, zomwe zimatipatsa usana ndi usiku. Mukangoti "dziko limazungulira" n'kusiyira pomwepo, womvera sadziwa kuti ndi kuti. Tchulani chozunguliridwacho, kapena onjezani "palokha". Nguli ija musaisiye, agogo amaimva msanga kuposa mawu ena aliwonse.

Za maonekedwe a njirayi, Johannes Kepler anasonyeza mu 1609 kuti mapulaneti sayenda m'njira yobulungira ndendende. Ambiri amati njirayo ili ngati dzira, koma dzira ndi losongoka mbali imodzi, pomwe njirayi mbali zake ziwiri n'zofanana. Ine ndimati ili ngati mphete yofinyidwa pang'ono.

Mayiwa afunsanso mwachidule ngati tiziti setilaiti ya kapena setilaiti wa. Ndi ya, monga wailesi ya, roketi ya, ndipo zikachuluka ndi masetilaiti, mawu amodzi osadula. Chonyamula anthu kapena katundu ndi chombo cha m'mlengalenga, zambiri ndi zombo. Samalani potayipa, chifukwa chilembo chimodzi chikaphonyeka mwatumiza chambo kumwezi.

Pamene tili pa wailesipo, ndakhala ndikumva "setilaiti yoima malo amodzi" ponena za ija imene madishi a kanema amaloza. Siima. Ili pa mtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa equator, mzere wongoyerekeza umene umagawa dziko pakati kumpoto ndi kum'mwera, ndipo pamenepo ulendo umodzi wozungulira umatenga tsiku limodzi, mofanana ndi mmene dziko limazungulirira palokha. N'chifukwa chake dishi ikamangidwa bwino pakhoma siyendetsedwanso. Popeza equator ili kumpoto kwa Malawi, madishi a pa Kasungu boma amayang'ana mbali ya kumpoto, kaya mopendekera kum'mawa kapena kumadzulo. Tiziti "setilaiti yoyendera limodzi ndi dziko". Anthu awiri oyenda moyandikana pa liwiro limodzi amaonana ngati aima, koma miyendo ikugwira ntchito.

Kalata yachitatu yandisangalatsa kwambiri. Yalembedwa ndi mnyamata woyendetsa njinga yamoto ya kabaza pa Mtunthama. Akuti anamva wina akufotokoza m'Chichewa kuti chombo chikafuna kupeza chinzake chimene chili patsogolo, chimayamba chachepetsa liwiro. "Ine ndikafuna kupeza mnzanga panjira ndimaponda moto. Kodi womasulirayo sanatembenuze mawu?"

Achimwene, sanatembenuze. Ndipo musachite manyazi, chifukwa maganizo anuwo anapusitsanso akatswiri. Mu Juni 1965, James McDivitt ali mu chombo cha Gemini 4 anayesa kuyandikira chidutswa cha roketi imene inawakweza. Analozetsa chombo kumene kunali chidutswacho n'kuyatsa injini, monga momwe inu mukanachitira, koma sanachipeze, ndipo mafuta ambiri atapita anasiya.

Chimachitika n'chakuti m'mlengalenga mtunda ndi liwiro n'zomangirirana. Chimene chili pafupi ndi dziko chimathamanga kwambiri, chakutali chimayenda pang'onopang'ono. International Space Station imathamanga makilomita oposa 7 pa sekondi, setilaiti ya madishi ija makilomita pafupifupi 3, ndipo mwezi, umene uli pa makilomita pafupifupi 384,000, umangoyenda kilomita imodzi pa sekondi n'kutenga masiku oposa 27 kuti uzungulire dziko. Tsono mukakankhira chombo kutsogolo, chimakwera n'kulowa njira yakunja, yaitali, ndipo pokwerapo liwiro limatsika. Mnzanu uja amakusiyani. Mukachikankhira kumbuyo, chimatsika n'kulowa njira yamkati, yaifupi, ndipo potsikapo liwiro limakwera, monga njinga yanu ichitira pamtsetse. Mukatero mumadutsa chamkati mpaka kumupeza. Pa bwalo la mpikisano wothamanga aliyense amalimbirana mzere wamkati chifukwa ndi waufupi. Kumlengalenga mzere wamkatiwo ndi waufupi komanso ndi wothamanga.

Apa ndi pamene Chichewa cha pamsewu chimatisokeretsa. Kuponda moto ndi kumanga mabuleki ndi mawu a galimoto, ndipo amabwera ndi nzeru za galimoto. Ndikupempha omasulira kuti pankhaniyi azigwiritsa ntchito kukweza ndi kutsitsa: "anayatsa injini kuti akweze chombo", "anayatsa injini moyang'ana kutsogolo kuti chombo chitsike". Ndamvapo wina akuti "anawotcha injini", potsatira mawu a Chingerezi amene akatswiri amanena. Uzani makaniko aliyense wa pa Kasungu kuti mwawotcha injini, akuuzani mtengo wa ina. Injini timayatsa.

Ndipo siiyaka nthawi zonse ayi. Ichi n'china chosiyana ndi njinga yanu, imene ikazima imaima. Chombo chimayenda injini ili chete, popeza chikungogwa. Posamuka kuchoka njira yapansi kupita yapamwamba, kachitidwe kosawononga mafuta kamene Walter Hohmann anafotokoza mu 1925 kamafuna kuyatsa kawiri kokha. Koyamba n'kotambasula njira kuti mbali imodzi ifike kumtunda kumene mukufuna. Kenako mumazimitsa n'kudikira mpaka mutafika pamwamba penipeni pa njirayo, tsidya lina la dziko, ndipo pamenepo mumayatsanso kuti musatsikenso kumene munachoka.

Zombo ziwiri zikapezana, pali mawu awiri oti tisiyanitse. Mu Disembala 1965 zombo za Gemini 6A ndi Gemini 7 zinayandikana kwambiri osakhudzana. Kumeneko ndi kukumana. Mu Malichi 1966 Neil Armstrong ndi David Scott, ali mu Gemini 8, analumikiza chombo chawo ku china chopanda anthu chotchedwa Agena. Ena amafuna kuti apa tiziti chombo chakocheza, pobwereka mawu a kunyanja. Ndi mawu okoma, ndipo poyamba ndinawakonda. Koma bwato limakocheza pagombe, ndipo gombe siliyenda. Apa zonse ziwiri zikuthamanga makilomita zikwizikwi pa ola, kungoti zikusiyana liwiro pang'ono kwambiri moti zimagundana mofatsa. Kulumikizana ndi mawu amene ndasankha, ndipo amene akufuna kumveka bwino kumudzi atha kunena kuti zakolekana, monga ngolo ku thirakitala. Kukocheza tikusungire chombo chimene chatera pamwezi, ngakhale kuti pamenepo kutera kukukwanira kale.