Tifunseni: Kodi setilaiti ingaone paini m'mbali mwa nkhalango yotetezedwa?

FUNSO: Komiti yathu ikufuna mapu osonyeza pomwe pali paini ndi bulugama mozungulira nkhalango ya Phiri la Mulanje. Kodi zithunzi za setilaiti zingatithandize osaboola m'thumba? Wowerenga, Likhubula

YANKHO: Zingathandize, ndipo n'zaulere. Tengani za setilaiti ya Sentinel-2 pa tsamba la pa intaneti la Copernicus Browser, muzitsegule mu QGIS, pulogalamu yopangira mapu yomwenso salipira. Setilaitiyi imajambula malo amodzimodzi masiku 5 alionse kuyambira pomwe inakhala iwiri mu 2017. Kabokosi kamodzi ka chithunzi n'kamamita 10 mbali zonse, choncho timabokosi 100 ndi hekitala imodzi. Malire a nkhalango kapempheni ku Dipatimenti ya Zankhalango, chifukwa a pa intaneti nthawi zina amaphonya. Kenako lembani mzere wa makilomita 5 kuzungulira malirewo, zonse pa UTM 36S, njira yoyezera malo pa mapu m'mamita yomwe imagwira ntchito m'dera lino.

Chachikulu ndi mwezi. Nthawi ya dzinja chilichonse chimabiriwira, simungasiyanitse kanthu. Sankhani chithunzi cha Ogasiti, mitengo ya miombo monga tsamba ndi mombo itayoyola, udzu utauma, pomwe paini ndi bulugama zikadali ndi masamba. Juni ndi Julayi chiperoni chimaphimba phiri. Kumapeto kwa Seputembala utsi wa moto wolusa umachuluka, miombonso imakhala yaphukira.

Kompyuta iyenera kuphunzitsidwa kusiyanitsa mitundu ya zomera pa chithunzi. Pitani kuthengo ndi GPS mukatole malo osachepera 50 pa mtundu uliwonse: paini, bulugama, tiyi, miombo, nkhalango yosayoyola, udzu ndi minda. Muziima mamita 30 mkati mwa mitengoyo, osati m'mphepete, poti GPS ya m'manja imaphonya ndi mamita angapo. Malo 7 pa 10 aliwonse phunzitsirani kompyuta, atatu otsalawo muyesere mapu akatuluka. Ambiri amadumpha kuyesaku, n'chifukwa chake mapu awo amakongola koma osakhulupirika.

FUNSO: Mapu athu akusonyeza paini m'zigwa momwe mulibe ngakhale mtengo umodzi wa paini. Talakwitsa pati? Wophunzira zankhalango, Zomba

YANKHO: Mwina ndi mthunzi. Sentinel-2 imadutsa cham'ma 10 koloko m'mawa, ndipo m'miyezi yozizira dzuwa limapendekera kumpoto, kotero mbali zakummwera za phiri zimada. Paini nayenso amaoneka wakuda pa chithunzi, ndiye kompyuta imasokoneza ziwirizi. Konzani kuwalako pogwiritsa ntchito mapu a kukwera kwa nthaka a SRTM, kapena chotsani malo amthunziwo mukawaone ndi maso.

Mwinanso mwadalira NDVI yokha. Iyo imangoyeza kubiriwira, pomwe nkhalango yosayoyola ya m'zigwa, tiyi ndi bulugama zonse n'zobiriwira chaka chonse. Onjezani mabandi (mitundu ya kuwala yomwe setilaiti imajambula payokhapayokha) 5, 6, 7 ndi 11, omwe timabokosi tawo n'tamamita 20, ndipo phatikizani zithunzi za miyezi itatu yosiyana. Yang'ananinso maonekedwe pa Google Earth: munda wodzalidwa uli ndi mizere, malire owongoka ndi mitengo yamsinkhu umodzi.

Dziwaninso zomwe setilaiti singaone. Mbande zomwe nthambi zake sizinakumane zimaoneka ngati udzu. Chimodzimodzi paini wa Pinus patula womera yekha apo ndi apo, yemwe ndiye wavuta pa Mulanje polanda malo a mkungudza. Ameneyo mumupeza poyenda wapansi kapena ndi droni, kuyambira m'mphepete mwa minda yakale ya paini monga ya pa Chambe, kulowera komwe mphepo imaulutsira njere zake.